Mphika wa mtovu usabwererenso kukhitchini

Kuseri kwa nyumba zina m'midzi ndi m'misika mwathu muno kumachitika ntchito imene sitiikamba kawirikawiri, ntchito yosungunula mtovu. Asodzi amafuna mtovu womangirira ku maukonde ndi ku zingwe za mbedza kuti zizimira. Anyamata ena amaswa mabatire akutha a galimoto ndi a sola kuti agulitse mtovu wa m'kati mwake. Alipo enanso amene amaumba zipolopolo za mfuti ya gogodera pofuna kupirikitsa nguluwe ndi anyani m'munda wa chimanga. Onsewa chipangizo chawo ndi chimodzi: kamphika kapena chiwaya chakale pa mbaula ya makala.

Za zipolopolozo tineneretu poyera. Lamulo la mfuti m'dziko muno sililola munthu kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chiphaso cha boma, ndipo mlimi amene nyama zakuthengo zamusautsa njira yake ndi yokadandaula kwa a nthambi yoona za nyama zakuthengo. Koma nkhani yathu lero ili pa mphikawo, chifukwa ukazirala ndi umene umalowa m'nyumba mmene muli ana.

Maganizo anga ndi akuti mphika umene wasungunulirapo mtovu, ngakhale kamodzi kokha, watha ntchito ya kuphika mpaka kalekale. Palibe sopo, phulusa kapena mchenga umene ungautsuke mpaka kuyera. Mtovu umakanirira m'timing'alu ndi m'dzimbiri la chitsulo, ndipo zakudya zowawasa monga tomato, bwemba kapena thobwa losasa zimausungunula pang'onopang'ono nkulowa nawo m'mimba. Sumveka fungo, suoneka ndi maso m'ndiwo, ndipo wodyayo sadandaula kanthu tsiku lomwelo.

Ku America kuli anthu ambiri amene amaumba zipolopolo zawo kunyumba mololedwa ndi malamulo a kwawoko. Iwo amagula miphika yamagetsi yopangidwira ntchito imeneyi yokha, monga ya kampani za Lee ndi Lyman, ndipo ina imalowa mtovu wokwana makilogalamu 9. Amene amaidziwa bwino ntchitoyi amagwirira pamalo popita mphepo, amavala magalasi ndi magolovesi achikopa, sadya kapena kusuta fodya ali pantchito, ndipo litsiro loyandama pamwamba pa mtovu amaliyengula nkuliika m'chitini chachitsulo chokhala ndi chivindikiro. Ngati anthu okhala ndi zipangizo zotere amauopa mtovu, nanga ife amene timasungunulira pa mbaula yomweyo yophikira phala la mwana?

Mtovu umasungunuka pa madigiri 327, ndipo moto wa makala wokupizidwa bwino umapitirira pamenepo kutalitali. Moto ukachuluka, mtovu umatulutsa utsi woipa umene umalowa m'mapapo. Choncho kusamala mphika kumayambira pa moto: usakhale waukali kuposa mmene ntchito ikufunira, ndipo ukhale panja, mphepo ikuchotsa utsi kumaso kwa munthu ndi kukhomo la nyumba.

Mphikawo ukhale wachitsulo chokhuthala. Mapoto a aluminiyamu amafooka akatentha kwambiri, ndipo mtovu ndi wolemera zedi, kotero tako la poto likhoza kubooka mtovu wamoto nkukhuthukira kumapazi. Mdani wina wamkulu ndi madzi. Dontho la madzi likalowa pansi pa mtovu wosungunuka limasanduka nthunzi nthawi yomweyo, nkumwaza mtovu wamoto kumaso ndi m'manja. Mphika, chipande chachitsulo ndi zidutswa za mtovu zonse ziyenera kuuma gwaa zisanafike pa moto. M'nyengo ya dzinja, pamene chilichonse chili ndi chinyontho, ndi bwino ntchitoyi kungoisiya.

Poyeretsa mphika dikirani uzirale kotheratu. Musaupale muli m'nyumba, ndipo musauzire fumbi lake ndi pakamwa, pakuti fumbi lotuwalo ndiye poizoni weniweni. Pukutani ndi kansanza konyowa pang'ono, kansanzako mukaike m'chitini chotseka pamodzi ndi litsiro loyengula lija, kenaka umitsani mphikawo padzuwa. Usatsukiridwe pa mjigo, pachitsime kapena kudambo kumene anthu ndi ziweto zimamwa. Upakeni chizindikiro cha penti kunja kwake, muupachike pamwamba m'kachisakasa kakekake, kutali ndi nkhokwe. Mukatha, sambani m'manja ndi sopo ndipo zovala zantchito zisachapidwe pamodzi ndi matewera.

Ena anena kuti, "Agogo athu ankasungunula mtovu moyo wawo wonse koma anafa ndi ukalamba." Nzoona kuti munthu wamkulu akhoza kupirira kwa zaka, ngakhale naye mtovu umamuwononga impso ndi kumukweza magazi. Koma wovutika kwenikweni ndi mwana. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti palibe mulingo wa mtovu m'magazi umene ungatchedwe wabwino, ndipo thupi la mwana wamng'ono limayamwa mtovu kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu. Umawononga bongo umene ukukula, ndipo chowonongekacho sichibwerera. Mwana amangooneka wosagwira zinthu m'kalasi, ife nkumati ndi ulesi, ena nkumaloza mfiti. Mtovu umabisalanso m'mafupa kwa zaka zambiri, ndipo mayi akakhala ndi pakati umatuluka nkukafika kwa mwana wosabadwayo.

Izi si nthano. Ku Thiaroye-sur-Mer, pafupi ndi mzinda wa Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 chifukwa cha dothi lodzala mtovu wochokera ku mabatire oswedwa, limene anthu ankasefa pamakomo pawo. M'chigawo cha Zamfara ku Nigeria, mliri wa mtovu umene unadziwika m'chaka cha 2010 unapha ana oposa 400, kaamba koti miyala ya golide yokhala ndi mtovu inkaperedwa m'midzi momwemo. Kwa anansi athu ku Zambia, mgodi wa mtovu wa ku Kabwe unatsekedwa m'chaka cha 1994, koma patapita zaka zoposa 20 ana a m'makomboni oyandikana nawo ankapezekabe ndi mtovu wochuluka m'magazi. Mtovu suola. Ukagwera m'dothi la pakhomo umakhala momwemo, mwana nkumakwawa pamenepo.

Mlimi aganizirenso za khola lake. Ng'ombe, makamaka ana a ng'ombe, zimakonda kunyambita mabatire otayidwa. Ng'ombe yotere imachita khungu, imakukuta mano, imatuluka dovu, imanjenjemera, ndipo ikhoza kufa m'masiku ochepa. Nkhuku nazo zimatola tizidutswa ta mtovu ngati timiyala, mtovuwo nkukafika m'mazira amene tikudyetsa ana athu. Batire limodzi loswedwa kuseri kwa khola likhoza kutayitsa ng'ombe imene munthu anaisunga zaka zisanu.

Enanso ati, "Ndalama yogulira mphika wina tiitenga kuti?" Funso limeneli ndi lomveka, pakuti ndalama ya mlimi imabwera kamodzi pa chaka. Koma mtengo wa mphika ndi wochepa poyerekeza ndi ng'ombe, ndipo nzeru za mwana sizigulidwa pa msika uliwonse. Batire lakutha ndi bwino kuligulitsa lathunthu, losaswa, kwa ogula zitsulo zakale kapena kulibweza kumene mukugula latsopano. Asodzi nawo asaiwale kuti makolo athu ankamiza maukonde ndi miyala, nsomba nkumaphedwa ndithu.

Tikupempha alangizi a zaulimi, alangizi a zaumoyo ndi mafumu kuti nkhani ya mtovu izikambidwa pa misonkhano ya m'mudzi monga mmene timakambira za mankhwala a thonje ndi a m'nkhokwe. Ndipo inu amayi, mwini khitchini ndinu. Mphika ukatuluka kupita ku ntchito ya mtovu, muutsanzike pomwepo, usadzaonenso mafuwa anu.