Dandaulo la oweta akalulu ku Chongwe

Kwa inu amisiri amene mumakhoma makola n'kumawagulitsa m'mbali mwa msewu wa Great East: ife oweta akalulu ndi mbira a ku Chalimbana, ku Kanakantapa ndi m'midzi ina ya Amfumu Nkomeshya tili nanu mawu.

Makola anu ndi okongola pamaso, koma ndi othina. Kalulu wamkulu akalowamo sadumpha n'kawiri komwe, ndipo akati aimirire pamiyendo yakumbuyo, makutu amagunda denga. Ndiye usiku wonse ntchito ndi kukukuta. Amayamba ndi thabwa la pachitseko, likatha amagwira waya. Kukacha timapeza utuchi uli mbwee pansi, mlomo wa kalulu uli magazi, mwina dzino litathyoka. Dzino likathyoka, linzake limasowa polikhuza, limangotalika mokhota mpaka nyama imaleka kudya, n'kuwonda tikuona.

Tikabwera kudzadandaula mumatiseka, amvekere kalulu ndi wokukuta chibadwire, kapena kuti sitiwadyetsa. Mbali ina mukunena zoona. Mano ake akutsogolo amakula moyo wake wonse, pafupifupi mamilimita 2 pa sabata, ndipo amaperesedwa ndi udzu. M'chilala cha 2024 udzu unauma msanga, ambiri tinathawira ku gaga, amene saperesa mano. Koma mvula itabwerera, udzu ndi kholowa zili paliponse, akalulu a m'makola anu sanasiye waya. Anzathu amene anamanga makola aatali a njerwa ankagona tulo. Ndiye vuto ndi njala?

Nkhaniyi anaifufuzapo kale ku Bern, m'dziko la Switzerland, pa kanyama koweta m'nyumba kotchedwa hamster, kofanana ndi mbewa. Mu 2007 ofufuza anaonetsa kuti tinyama ta m'makola aang'ono tinkatha nthawi yaitali tikuluma waya kusiyana ndi ta m'makola aakulu. Chaka cha 2006 anali atapeza kuti atatiikira utuchi wakuya masentimita 80 woti tizikumbamo, kuluma wayako kunatheratu. Ngati kanyama kokwana m'dzanja kamafuna malo otere, nanga kalulu, amene kutchire amakumba una?

Pansi paponso mumayala waya wopyapyala wa makola a nkhuku. Kalulu alibe zikhatho zolimba ngati za galu, kuphazi kwake kuli ubweya wokha. Ubweyawo ukasosoka pamabuka zilonda. Waya womwewo akaudula, tiana timagwera pansi, agalu n'kudyerapo. Ndalama ya khola yapita, ya mbewu yapitanso, ndipo ena mwa ife akalulu amenewa ndiwo amagulira ana makope ndi yunifolomu.

Tikudziwa kuti matabwa ndi misomali zakwera mtengo, komanso kuti khola laling'ono limakwera msanga pa minibasi. Zimenezo zisakupangitseni kutiuza kuti bokosi la kalulu mmodzi likwana anayi. Tikhomereni khola loti kalulu adumphemo katatu motsatizana ndi kuimirira osawerama. Waya wolimba akhale mkati, matabwa kunja, kuti mano asawafike. Mbali imodzi ikhale ya thabwa lopondapo, pakona pakhale kabokosi kobisalamo, m'mbali mukhale moika udzu. Matabwa onyikidwa m'mankhwala a chiswe ayi, chifukwa amathera m'mimba mwa nyama. Mtengo wake mutiuze poyera, tikambirane. Amene sakwanitsa adzayamba ndi akalulu awiri m'malo mwa asanu.