Ziwembu za magalimoto pa khamu la anthu: imfa imalowera pa mpata wopanda mlonda

Kuyambira m'chaka cha 2016, maboma a ku Ulaya ndi ku America akhala akuononga ndalama zankhaninkhani pozika zipilala zachitsulo ndi kuyala miyala ya konkire m'misewu ya m'mizinda yawo pofuna kuteteza anthu kwa achiwembu omwe amaomba khamu la anthu ndi galimoto mwadala. Ngakhale zili choncho, ziwembu za mtunduwu sizidathe. Pakati pa Novembala 2024 ndi Meyi 2025 pokha, anthu adaphedwa kapena kuvulazidwa mwanjira imeneyi ku Zhuhai m'dziko la China, ku Magdeburg, Munich ndi Mannheim m'dziko la Germany, ku New Orleans m'dziko la America, ku Vancouver m'dziko la Canada komanso ku Liverpool m'dziko la Britain.

Kuunika mwachifatse momwe zinthu zidayendera m'malo angapo mwa amenewa kukuonetsa mfundo imodzi yomwe akuluakulu onse oyendetsa misonkhano ayenera kuilingalira. Kawirikawiri galimoto sidagumule chotchinga chilichonse. Idangodzera pa mpata womwe akuluakulu ankaudziwa kale, koma panalibe munthu yemwe adaulonda pa nthawi yomwe kudafunika kutero.

Chiwembu chomwe chidagwedeza maiko

Chiwembu chomwe chidatsegula maso a maboma ndi cha mumzinda wa Nice m'dziko la France. Usiku wa pa 14 Julayi 2016, anthu pafupifupi 30,000 adasonkhana mumsewu wa m'mbali mwa nyanja wotchedwa Promenade des Anglais kukaonerera makombola pa tsiku lokumbukira dziko lawo. Bambo wina adalowa mumsewumo ndi chilole cha matani 19 chomwe adachita hayala, ndipo adayenda nacho mtunda wa pafupifupi makilomita 2 akuomba anthu. Anthu 86 adafa, ndipo ena oposa 400 adavulala. Msewuwo udali wotsekedwa, koma chilolecho chidalambalala chotchinga cha apolisi pokwera njira ya anthu oyenda pansi.

Patangopita miyezi isanu, pa 19 Disembala 2016, lole yobedwa idaomba anthu pa msika wa Khirisimasi ku Breitscheidplatz mumzinda wa Berlin, ndipo anthu 12 adataya miyoyo yawo pa chiwembucho. M'chaka cha 2017 zoterezi zidachitikanso ku London, Stockholm, Barcelona ndi New York.

Chomwe chimachititsa kuti chiwembu cha mtunduwu chikhale chovuta kuchipewa n'chakuti chida chake chili paliponse. Wofuna mfuti kapena bomba amasiya mapazi omwe apolisi angalondole, pomwe wofuna galimoto amangofunika chiphaso choyendetsera ndi ndalama ya hayala. Ichi n'chifukwa chake magulu a zigawenga a al-Qaeda ndi Islamic State adalimbikitsa owatsatira kugwiritsa ntchito magalimoto.

Komabe si achiwembu onse omwe amatumidwa ndi magulu otere. Ku Finsbury Park mumzinda wa London, mu Juni 2017, omwe adaombedwa adali Asilamu pafupi ndi mzikiti. Ku Zhuhai, komwe apolisi adalengeza kuti anthu 35 adafa pa 11 Novembala 2024, bwalo la milandu lidapeza kuti woyendetsa galimotoyo adakwiya ndi momwe katundu adagawidwira banja lake litatha. Ku Vancouver, komwe anthu 11 adafa pa chikondwerero cha anthu ochokera ku Philippines pa 26 Epulo 2025, apolisi adati sudali uchigawenga, ndipo woganiziridwayo adali ndi mbiri ya matenda a maganizo.

Tanthauzo lake n'lakuti ukazitape wokha sungakwanire. Ngakhale pamene munthuyo akudziwika, zinthu zimatha kulakwika. Yemwe adachita chiwembu cha ku Berlin adali wodziwika kale kwa achitetezo ndipo amayenera kuthamangitsidwa m'dzikomo. Choncho chitetezo chomaliza chimatsalira pa malo enieni a msonkhano.

Mipata yomwe idasiyidwa

Pa 22 Malichi 2017, bambo wina adaomba anthu pa mlatho wa Westminster ku London n'kupha anthu 4, asadabaye wapolisi pa chipata cha nyumba ya malamulo. Patadutsa masabata khumi, milatho ya mumzindawo idali idakali yosatchingidwa. Pa 3 Juni chaka chomwecho, achiwembu atatu adaomba anthu pa mlatho wa London Bridge kenaka n'kuyamba kubaya anthu ndi mipeni, ndipo anthu 8 adafa. Zotchinga zomwe zidalephera kuikidwa kwa masabata onsewo zidaikidwa m'masiku ochepa chabe chiwembu chachiwirichi chitachitika. Pa kafukufuku wa imfazi mu 2019, woweruza Mark Lucraft adadzudzula kusowa kwa zotchinga pa mlathowo ndipo adaloza chala kufooka kwa dongosolo lounikira malo ofunika kutetezedwa.

Ku Magdeburg, pa 20 Disembala 2024, msika wa Khirisimasi udali wozunguliridwa ndi miyala ya konkire monga momwe misika yambiri ya ku Germany yakhala ikuchitira chichitikireni chiwembu cha ku Berlin. Koma panali mpata womwe udasiyidwa mwadala kuti ambulansi ndi magalimoto ozimitsa moto azidutsirapo. Dokotala wina wochokera ku Saudi Arabia, yemwe adakhala ku Germany kuyambira 2006, adalowera pa mpata womwewo ndi galimoto ya hayala. Anthu 6 adafa ndipo ena pafupifupi 300 adavulala. Pambuyo pake zidadziwika kuti galimoto ya apolisi yomwe imayenera kuima pa mpatawo idaimikidwa pamalo ena. Khonsolo ya mzinda, apolisi ndi okonza msikawo adayamba kulozana zala, mpaka nyumba ya malamulo ya chigawo cha Saxony-Anhalt idakhazikitsa komiti yofufuza nkhaniyi.

Pasanathe masabata awiri, m'bandakucha wa pa 1 Januwale 2025, bambo wina yemwe adakhalapo msilikali wa dziko la America adaomba anthu omwe ankakondwerera chaka chatsopano mumsewu wa Bourbon Street ku New Orleans, ndipo anthu 14 adafa. Msewuwo udali ndi zipilala zachitsulo zomwe zidaikidwa mu 2017 potengera phunziro la ku Nice. Zipilalazo zidakhala zikuvuta kutsegula ndi kutseka, mwa zina chifukwa mikanda yomwe anthu amaponyerana pa chikondwerero cha Mardi Gras inkatseka ngalande zake. Mu 2019 kampani yoona za chitetezo ya Interfor International idachenjeza za vutoli m'lipoti lake. Pa usiku wa chiwembucho zipilalazo zidali zitazulidwa kuti aikepo zatsopano pokonzekera masewero a Super Bowl a mwezi wotsatira. Apolisi adapingasa galimoto yawo pa msewu, koma wachiwembuyo adailambalala pokwera njira ya anthu oyenda pansi, ndendende monga zidachitikira ku Nice zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo.

Ku Liverpool, pa 26 Meyi 2025, pamene khwimbi la anthu linkakondwerera kuti timu ya mpira ya mumzindawo yatenga chikho cha ligi, msewu wa Water Street udali wotsekedwa. Apolisi adati chotchinga chidasunthidwa kwa kanthawi kuti ambulansi ikatenge wodwala, ndipo galimoto ina idatsatira ambulansiyo m'mbuyo. Anthu oposa 100 adavulala, ngakhale palibe adafa.

Pa zochitika zinayi zonsezi, vuto silidali kusowa kwa luso kapena kusadziwa za ngoziyo. Dongosolo lidalipo papepala. Chidasowa ndi munthu wodziwika ndi dzina yemwe ntchito yake idali kuonetsetsa kuti mpata wakutiwakuti watsekedwa pa ola lakutilakuti.

Zomwe zimathandizadi

Akatswiri a zomangamanga amagwirizana kuti chotchinga chilichonse chiyenera kuyesedwa chisanadaliridwe. Ku Britain kudakhazikitsidwa muyeso wotchedwa PAS 68, ndipo pa dziko lonse pali wina wotchedwa ISO 22343. Poyesa, amaombetsa chipilala ndi galimoto, mwachitsanzo yolemera matani 7.5 pa liwiro la makilomita 80 pa ola, n'kuona mtunda womwe galimotoyo yapitirira. Malangizo a boma la Britain amati danga la pakati pa chipilala ndi chinzake lisapitirire mita 1.2, kuti munthu wa pa njinga ya olumala adutse koma galimoto ilephere. Mwala wa konkire wongoikidwa pamwamba pa phula osaumangirira pansi ungathe kukankhidwa ndi lole, n'kusanduka chida chovulaza anthu omwe umayenera kuwateteza.

Mfundo yachiwiri ndi liwiro. Liwiro la galimoto likawirikiza kawiri, mphamvu yomwe imaomba nayo imawirikiza kanayi. Choncho msewu wolowera pa msonkhano ukakhala wokhotakhota, woyendetsa sangathamange, ndipo ngakhale chotchinga chochepa mphamvu chimatha kumuimitsa. Msewu wautali wolunjika pa khamu la anthu ndiwo woopsa kuposa yonse.

Nzeru zamakono nazo zidaonetsa mphamvu yake ku Berlin, komwe ofufuza adapeza kuti loleyo idaimitsidwa ndi mabuleki odzigwira okha itayenda mamita ochepera 100 mumsikamo. Malamulo a bungwe la European Union amalamula kuti malole akuluakulu atsopano azikhala ndi mabuleki oterewa. Kusiyana kwa chiwerengero cha omwalira ku Nice ndi ku Berlin kukusonyeza kufunika kwa lamuloli.

Kukhwimitsa malamulo a hayala kumathandiza pang'ono chabe. Achiwembu a pa London Bridge adafuna kutenga lole ya matani 7.5, koma malipiro awo adakanika, ndipo adangotenga galimoto yocheperako. Ku Berlin ndi ku Stockholm malolewo adachita kulandidwa.

Kutseka kwambiri nako n'koopsa

Wina angaganize kuti yankho ndi kutseka paliponse. Mbiri ikukana maganizo amenewo. Mu Julayi 2010, anthu 21 adafa chifukwa chopanikizana pa chikondwerero cha Love Parade ku Duisburg m'dziko la Germany, pomwe olowa ndi otuluka ankadzera njira imodzi yopapatiza. Kuno kwathu, pa 6 Julayi 2017, anthu 8, ambiri mwa iwo ana, adafa popondana pa zipata za bwalo la masewero la Bingu mumzinda wa Lilongwe pa tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lino.

Apa ndi pomwe pagona vuto la okonza misonkhano. Malo omwewo ayenera kukana galimoto koma kulola anthu zikwizikwi kutuluka mofulumira, ndiponso kulola ambulansi kulowa. Mpata sungalephere kukhalapo. Chofunika n'chakuti mpatawo utsekedwe ndi chinthu cholemera chosunthika, pakhale anthu ochiyang'anira nthawi yonse, ndipo pakhale lamulo lomveka la yemwe angalole kuti chisunthidwe komanso kuti chibwezeretsedwe ambulansi ikangodutsa.

Udindo ukhale ndi mwini wake

Dziko la Britain layesa kuthetsa kulozana zala kudzera m'lamulo. Mu Epulo 2025 lidakhazikitsa lamulo lodziwika kuti Martyn's Law, lomwe dzina lake likukumbutsa Martyn Hett, mmodzi mwa anthu 22 omwe adaphedwa ndi bomba ku Manchester Arena mu 2017. Lamuloli likupereka udindo kwa eni malo olandira anthu 200 kapena kuposera apo kuti akhale ndi dongosolo lotulutsira anthu, lotsekera zitseko ndi lodziwitsira anthu pakagwa chiwembu. Malo ndi misonkhano ya anthu 800 kapena kuposera apo ikuyenera kuchita zoposa pamenepo ndi kulemba ndondomeko yake. Boma lidapereka nthawi ya zaka zosachepera ziwiri kuti eni malo akonzekere. Phindu la lamuloli lagona pa kutchula yemwe adzayankhe mafunso zinthu zikalakwika.

Nkhani ya ndalama nayo ndi yaikulu. Mu Januwale 2018 mzinda wa New York udalengeza kuti uononga ndalama zokwana 50 miliyoni za ku America pa zotchinga, kuphatikizapo zipilala 1,500. Ndi mizinda yochepa yomwe ingakwanitse zotere. Koma mzinda womwewo umagwiritsanso ntchito njira yosafuna ndalama zambiri pa zikondwerero zake zikuluzikulu: umapingasa malole onyamula zinyalala odzaza mchenga pa misewu yolowera pa msonkhano.

Phunziro kwa a kuno

Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chipilala sichifunsa ngati woyendetsa galimoto ndi chigawenga, woledzera kapena wokanikidwa mabuleki. Mu Meyi 2019, lole idalowa pakati pa anthu pa msika wa Kampepuza m'boma la Ntcheu, ndipo anthu osachepera 17 adafa. Imeneyo idali ngozi osati chiwembu, koma chomwe chidasowa n'chomwe chidasowanso ku Nice: chinthu cholimba pakati pa galimoto ndi anthu. Misika ya m'mbali mwa msewu wa M1, misonkhano ya ndale, maulendo a mipingo, zionetsero ndi maliro a anthu otchuka, zonsezi zimaika anthu ambiri mumsewu momwe mukudutsa magalimoto.

Lamulo la apolisi la dziko lino limafuna kuti okonza msonkhano kapena zionetsero adziwitse bwanamkubwa pasadakhale. Kukumana kwa bwanamkubwa, apolisi ndi okonzawo ndiwo mwayi woti mafunso ofunika afunsidwe. Kodi galimoto ingalowere pati, kuphatikizapo m'mbali mwa msewu? Nanga pamenepo patsekedwa ndi chiyani? Ambulansi idzera kuti, ndipo ndani adzaima pa mpatawo kuyambira poyamba mpaka munthu womaliza atachoka? Mayankho ake akalembedwa pamodzi ndi maina a omwe apatsidwa ntchitozo, khonsolo yopanda ndalama zogulira zipilala ingathe kuteteza anthu ake ndi lole za mchenga ziwiri kapena zitatu. Mizinda ya Magdeburg ndi New Orleans idali nazo ndalama, zida ndi machenjezo, koma anthu 20 adafera pa mipata iwiri yomwe idasiyidwa yopanda mlonda.