WhatsApp ndi Chingerezi cha ana athu

Aphunzitsi anzanga, ena amati WhatsApp imangosokoneza ana. Ine ndikuti ingathandize, malinga ndi mmene tikuigwiritsira ntchito.

Sukulu za ku Zimbabwe zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, aphunzitsi ambiri ankatumiza ntchito pa WhatsApp. Kutumiza chithunzi cha notsi n'kosavuta, koma sikuphunzitsa chiyankhulo. Taganizirani mwana wa ku Mkoba, ku Gweru: ndi agogo ake amayankhula Chichewa, kosewera Chishona. Chimene amasowa ndi kumva Chingerezi. Choncho jambulani mawu anu mukuwerenga nthano ya mphindi imodzi, pang'onopang'ono. Aimvetsere kawiri kapena katatu, kenaka ajambule yankho lake. Mwana wamanyazi amamasuka akamayankha popanda anzake omuseka.

Samalani zinthu ziwiri. WhatsApp salola ana osakwana zaka 13 kuigwiritsa ntchito paokha, ndiye gululo likhale la makolo. Chachiwiri, si nyumba zonse zili ndi foni kapena ndalama ya bandulo. Nthano yomweyo muiwerengenso m'kalasi, pakuti mayeso a ZIMSEC a Giredi 7 adzalemba onse.

Ntchito: M'kalasi mwanu ndi ana angati amene uthengawu sungawafike? Muwathandiza bwanji?