Ngalande za ku Mgona zikufuna malipiro

Lachiwiri ndinaona amayi atatu ku Mgona akufukula ndi makasu ngalande yodzaza majumbo, popanda wowalipira, poopa kuti mvula ikagwa madzi alowa m'nyumba. Ntchito ngati imeneyi boma lakhala likulipira, makamaka kumidzi, kuyambira nthawi ya MASAF. Nawo Mtukula Pakhomo, woyambira ku Mchinji mu 2006, unazika mizu kumudzi. A m'makomboni anakumbukiridwa pa Covid-19: K35,000 pamwezi, miyezi itatu. Zimandiwawa. Khonsolo ya mzinda ndi unduna woona za mapologalamuwa akhale pansi, alembe kaundula mmodzi, kuti agogo olera ana amasiye ku Chinsapo azilandira ndalama mosadukiza, pomwe anyamata amphamvu azipatsidwa ganyu wokonza ngalande ndi misewu, malipiro ake osachedwa, poti mwini nyumba amafuna lendi yake pa 30.