Tisamaberedwe chifukwa cha kabatire ka m'kiyi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu yokondedwa pa kanthu kakang'ono kamene kakadatitayitsa mwana.

Mwezi wathawu mwana wanga adabwera kumudzi ndi galimoto yake, imodzi mwa zija zochokera ku Japan zimene amaziliza pongodina batani. Usiku mdzukulu wanga adadwala malungo aakulu. Titathamangira ku galimoto, rimoti idakana kutsekula zitseko. Tidathamanga naye ku chipatala pa njinga yamoto, galimoto ili chiimire pabwalo. Kutacha, mnyamata wina wodzitcha makaniko adati kiyi yafa, tigule ina pa mtengo woposa thumba la feteleza. Chonsecho chidatha ndi kabatire chabe, ndipo adatitsekula maso ndi dalaivala wina wachifundo.

Abale anga, safunsa adadya phula. M'kati mwa rimoti zoterezi mumabisala kiyi yachitsulo. Kankhani kaloko kake, isololeni, mutsekulire chitseko cha dalaivala. Pa galimoto zambiri, mukaponda buleki ndi kugunditsa rimotiyo pa batani loliza, injini imalira ngakhale batire lafooka.

Kusintha batirelo si ntchito ya makaniko ayi. Kanulani rimoti pamene pali kampata. Muona kabatire konga ndalama yachitsulo. Musanakachotse, onetsetsani kumene chizindikiro cha + chaloza, ndipo werengani nambala yake. Ambiri ndi CR2032 a mavoti 3. Nambalayo ikutanthauza mamilimita 20 m'mimba mwake ndi 3.2 kuchindikala kwake, choncho musalole kugulitsidwa CR2025 amene ndi wopyapyala. Mukaona kuti rimoti ikugwira pokhapokha mutayandikira kwambiri, dziwani kuti batire latsala pang'ono kutha.

Ndikupempha ogulitsa galimoto kuti aziuza ogula zimenezi. Kodi nkwabwino kulandira mamiliyoni a munthu koma osamuonetsa kiyi yobisika? Inunso amakaniko, kudyera pa umbuli wa anzanu ndi kuba basi.

Pomaliza, batire lakalelo musalitaye pabwalo pamene ana amasewera. Mwana akalimeza n'kumukakamira pakhosi, limatha kumuwotcha m'kati pa maola awiri okha. Zikatero musadikire kuti litsika lokha, thamangirani ku chipatala.

Mphunzitsi Wamkulu Wopuma,
Ntcheu.