MAGALIMOTO A MAGETSI NDI MTSETSE WA KWA CHAMPITI

Munthu wochoka ku Lilongwe kunka ku Blantyre pa mseu waukulu wa M1 ayenda makilomita oposa 300, ndipo pafupi ndi pakati pa ulendowo apeza boma la Ntcheu. Akapitirira pabomapo kulowera kumwera, kumene kuli dziko la Inkosi Champiti, mseu uyamba kusiya mapiri, nutsika podzera pa Chingeni ndi pa Phalula kufikira pa mlatho wa Shire pa Zalewa. Tauni ya Dedza, imene ili kumtunda kwa mseuwo, ili mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, koma pa Zalewa sipafika ngakhale mamita 500. Madalaivala onse a Boma audziwa mtsetse umenewu, ndipo anthu a ku Ntcheu audziwa koposa, pakuti m'mwezi wa March 2019 lole yaikulu yolemedwa ndi katundu inalowa pa msika wa Kampepuza, nipha anthu oposa 15 amene analikugula ndi kugulitsa m'mbali mwa mseu. Malipoti a masiku amenewo anati mabuleki ake anakana.

Lole imeneyo inali ya dizilo, kotero wina angafunse kuti ilowa bwanji m'nkhani ya magalimoto a magetsi. Ilowamo chifukwa mtsetsewo ukalipobe, misika ikalipobe m'mbali mwake, ndipo magalimoto amene ayamba kupangidwa tsopano aima mwa njira ina imene madalaivala a dziko lino sanaiphunzire.

Ntchito ya Boma kumidzi iyenda pa pikiapu. Mkulu wa zamaphunziro popita kukayendera sukulu, mlangizi wa zaulimi, a zaumoyo ponyamula mankhwala ndi katemera, onsewa akwera galimoto ya mtundu umenewu. Pamene mafuta anasowa m'dziko muno m'chaka cha 2022 ndi m'zaka zotsatira, magalimoto ambiri anagona m'mizere pa malo omwetsera mafuta, ndipo ntchito inaima pamodzi nao. Mafutawo agulidwa kunja ndi ndalama zakunja zimene zisowa, pamene magetsi ambiri a dziko lino apangidwa pa mtsinje wa Shire womwewo, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, ndipo ena achokera ku dzuwa ku Salima ndi ku Golomoti. Chifukwa chake n'kwanzeru kuti a Boma aganizire za pikiapu zoyendera magetsi. Zoyamba zake, monga Rivian R1T ya 2021 ndi Ford F-150 Lightning ya 2022, zinapangidwira mseu wa ku America, ndipo chiwongolero chake chinali kumanzere. Koma pambuyo pake kunatuluka zina zokhala ndi chiwongolero kumanja monga mwa lamulo la mseu wa kuno: Maxus T90 EV ya ku China, ndi Isuzu D-Max ya magetsi imene inayamba kupangidwa ku Thailand m'chaka cha 2025. Dzina la Isuzu si lachilendo m'mabwalo a maofesi a Boma, ndipo sipadzapita zaka zambiri funso logula galimoto yotere lisanafike pa tebulo la mlembi wina wamkulu.

Kuwerengera kwa ulendo n'kosavuta. Batire la Isuzu imeneyo lisunga magetsi okwana mayuniti 66.9, ndipo opanga ake ati ikhoza kuyenda makilomita 263 lisanathe. Nambala imeneyi inapezedwa pa mayeso a ku Ulaya, popanda matumba a simenti kumbuyo, popanda chikweza cha ku Dedza. Katundu, liwiro lalikulu ndi mphepo zidya magetsi msanga, ndipo galimoto yokoka ngolo yolemera ikhoza kutaya pafupi theka la mtunda wake. Tsono n'zoonekeratu kuti pikiapu yotere siingathe kuchoka ku Lilongwe ndi kufika ku Blantyre osaima panjira kuti imwe magetsi, ndipo malo oyenera kuimapo ndi pakati pa ulendo, ndiko ku Ntcheu. Soketi wamba ya m'nyumba siithandiza wapaulendo, pakuti kudzaza batire lotere pa soketi yotero kutenga nthawi yoposa usana ndi usiku. Pafunika makina otchajira msanga, amene akhoza kukweza batire kuchoka pa 20 kufika pa 80 mwa 100 m'nthawi ya ola limodzi kapena kucheperapo.

Apa ndipo pagona nkhani. Dalaivala wozolowera galimoto ya mafuta, amene anavutika m'mizere ija, akapeza malo omwetsera adzaza thanki kufikira pakamwa, ndipo palibe amene angamdzudzule. Akapatsidwa galimoto ya magetsi adzachita chimodzimodzi: adzaitchaja pa boma la Ntcheu mpaka batire litadzaza, kenaka adzayamba kutsika mtsetse wa kwa Champiti ali wokondwa. Ndipo pa nthawi imeneyo galimoto yake idzakhala yopanda chimodzi mwa zinthu ziwiri zimene ziigwira pa mtsetse.

Kuti izi zimveke, ayenera kukumbukiridwa machitidwe a galimoto ya dizilo. Woyendetsa wodziwa ntchito akafika pa mtsetse wautali atsitsa giya, nalola injini kuigwira galimoto, ndipo mabuleki awaponda pang'ono pokha. Achita chomwecho chifukwa mabuleki agwira ntchito mwa kukhulana kwa mapadi ndi chitsulo, ndipo kukhulana kubala moto. Akapondedwa kosalekeza atentha kwambiri, mapadi aterera, mafuta a mabuleki awira, ndipo phazi liponda koma galimoto siima. Aphunzitsi a sayansi angathe kuwerengera ndi ana awo pa bolodi: galimoto yolemera matani 3 ikatsika mamita 500, itaya mphamvu yokwana mayuniti 4 a magetsi, imene ikhoza kuwiritsa madzi oposa malita 40. Gawo lina la mphamvuyo lithera mu mphepo ndi m'matayala, koma lotsalalo liyenera kupita kwina, ndipo ngati palibe kwina kopita, lonse lilowa m'zitsulo zinai za mabuleki.

Galimoto ya magetsi ilibe injini yotero, ndipo zambiri zilibe magiya oti munthu atsitse. M'malo mwake ili ndi nzeru ina yokoma ndithu. Woyendetsa akachotsa phazi pa moto, mota imene inalikutembenuza matayala isanduka yopanga magetsi, monga dayinamo ya njinga imene iyatsa nyale pamene tayala liizunguza. Aliyense amene anapalasapo njinga ya dayinamo adziwa kuti njinga ilemera pang'ono nyale ikayaka. Kulemera komweko ndiko kugwira galimoto pa mtsetse, ndipo magetsi opangidwawo abwerera m'batire. Kotero munthu akhoza kufika pa Zalewa ali ndi magetsi ena amene mtsetse wampatsa kwaulere, mabuleki ake ali ozizira. Pa mseu wa mapiri monga uwu, chimenechi ndi chabwino chachikulu cha magalimoto amenewa.

Komatu madzi salowa mu mtsuko wodzaza kale. Batire likakhala lodzaza silingalandire magetsi ena, ndipo makina a galimoto achepetsa okha kugwira kwa mota kuja, kapena akuletsa konse, kufikira batire litatsikako. Mabuleki wamba agwirabe ntchito monga mwa nthawi zonse, ndipo galimoto zina zichenjeza woyendetsa ndi chizindikiro pa galasi la patsogolo pake. Koma mtolo wonse wa mtsetse ugwera pa mabulekiwo okha, popanda giya yotsitsa. Ndipo mtolowo ndi waukulu kuposa wa galimoto ya dizilo yofanana nayo, chifukwa batire lilemera makilogalamu mazana angapo. Ford ija ilemera pafupifupi matani 3 isananyamule kanthu. Wina akaikamo matumba a chimanga kapena a mbatatesi ya ku Lizulu, naonjezerapo anthu okwera matola pamwamba pake, chimene malamulo a Boma aletsa koma chichitikabe, afika pa kulemera kumene mabuleki a pikiapu sayenera kusewera nako.

Mankhwala ake ndi otsika mtengo: wotsika mtsetse asadzaze batire. Akalekezera pa 80 mwa 100 asiya malo olandirira magetsi a panjira, ndipo sataya nthawi, pakuti kuchoka pa 80 kufika pa 100 batire limwa pang'onopang'ono. Magetsi amenewo akwanira kufika ku Blantyre kuchokera ku Ntcheu ngati katundu ali woyenera ndi liwiro lili laulemu. Wokwera kunka kumpoto ndiye akhoza kudzaza ngati afuna, chifukwa chikweza chidzamchotsera msanga. N'chifukwa chake amene adzasankha malo oikapo makina otchajira ayenera kuyang'ana maonekedwe a dziko, osati kuchuluka kwa masitolo kokha. Makina oikidwa kumunsi, monga pa Chingeni pamene magalimoto aima kale kulipira msonkho wa mseu kuyambira m'chaka cha 2021, athandiza wokwera popanda kumuika wotsika pa ngozi yaikulu. Ndipo ngati ena aikidwa pa boma la Ntcheu kapena ku Dedza, payenera kukhala chikwangwani cha m'Chichewa chonena za malire a 80.

Palinso chizolowezi china chimene chinakula m'masiku a kusowa kwa mafuta, ndicho kuchotsa galimoto m'giya pa mtsetse kuti itsike yokha ndi kusunga mafuta. Chizolowezichi n'choipa pa galimoto iliyonse, koma pa ya magetsi chilibe ngakhale phindu limene achifunira, pakuti woichotsa m'giya aletsa mota kupanga magetsi, nataya mphamvu imene akadakolola, natenthetsa mabuleki pachabe.

Amakaniko a Boma nawonso ali ndi phunziro lawo. Popeza mota ichita ntchito yambiri yoimitsa, mapadi a galimoto ya magetsi satha msanga, ndipo munthu woyang'ana makulidwe ake okha adzati zonse zili bwino. Koma chitsulo chosagwiritsidwa ntchito chichita dzimbiri, makamaka m'nyengo ya mvula ndi pa miseu ya matope ya kumidzi, ndipo mabuleki akhoza kuuma osadziwika kufikira tsiku limene afunika onse. Mafuta a mabuleki amwa chinyezi cha mu mpweya ngakhale galimoto itaima, ndipo akamwa awira msanga. Opanga ambiri alamula kuti asinthidwe pa zaka ziwiri zilizonse. A Nthambi yoona za Magalimoto ndi Chitetezo cha Pamseu, amene apereka chiphaso chakuti galimoto ili yoyenera kuyenda, ayenera kukonza njira yoyesera mabuleki a magalimoto amenewa asanachuluke, pakuti kukonza lamulo maliro atachitika n'kuchedwa. Dalaivala naye achita bwino akamaponda mabuleki kolimba kamodzikamodzi pa malo opanda anthu, kuti zitsulo zikhale zoyera.

Kwa anthu a kwa Champiti, amene ambiri a iwo sadzagula galimoto yotere, chowakhudza ndi kukhala chete kwake. Mwana wa m'mbali mwa mseu aphunzira kuthawa galimoto ndi khutu asanaione ndi maso. Wakabaza, mayi wosenza tomato ndi wobusa mbuzi achita chimodzimodzi. Galimoto ya magetsi ikamayenda pang'onopang'ono pakati pa msika ilibe phokoso la injini. Maiko a ku Ulaya anaona vuto limeneli, nalamula kuti kuyambira m'mwezi wa July 2021 galimoto iliyonse yatsopano ya magetsi ikhale ndi kachipangizo kotulutsa mau pamene iyenda liwiro losapitirira makilomita 20 pa ola. Ogula a Boma ayenera kulemba chimenechi m'zofunika zawo, ndipo aphunzitsi a m'sukulu zoyandikana ndi M1, kuyambira ku Nsipe kutsika kumunsi, angayambe lero kuuza ana kuti mseu awoloke atayang'ana mbali zonse ziwiri, angakhale sanamve kanthu. Liwiro ndilo lina: galimoto ya magetsi inyamuka mofulumira ndi mosamveka, kotero kuti woyendetsa adzidzimuka ali pa 100 akuganiza kuti ali pa 70, ndipo liwiro likawirikiza kawiri mtunda woimira uwirikiza kanai.

Ena adzati zonsezi n'zakutsogolo, ndi kuti dziko limene magetsi ake azimazima silingakambe za magalimoto a magetsi. Mau amenewa ali ndi choona chake. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira m'mwezi wa January 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo wapaulendo amene akadafika pa Ntcheu masiku amenewo batire lili pafupi kutha akadagona pomwepo. Koma ku Golomoti, kuseri kwa mapiri omwewo, kuli kale malo opangira magetsi a dzuwa okhala ndi mabatire osungira, amene anayamba ntchito m'chaka cha 2022, ndipo nzeru yomweyo ikhoza kuchepetsedwa kuti ikwanire malo amodzi otchajira m'mbali mwa mseu. A ESCOM ndi a MERA ndiwo eni ake a funso limenelo.

Funso la mabuleki lili m'manja mwa akuluakulu a maofesi, ndipo silifuna ndalama zakunja. Ofesi iliyonse imene idzalandira pikiapu ya magetsi isapereke makiyi kwa dalaivala amene sanatsikepo mtsetse wautali ali ndi mphunzitsi pambali pake, kamodzi ndi batire lodzaza ndi kamodzi ndi batire lokhala ndi malo, kuti phazi lake lidziwe kusiyana kwake. M'buku la ulendo, mmene kalaliki alembamo makilomita ndi malita a mafuta, muonjezedwe mzere wolembamo muyeso wa batire ponyamuka pa Dedza kapena pa Ntcheu, ndipo bwana wosaina bukulo aufunse mzerewo monga afunsira za mafuta.