Masheya a Cahora Bassa: kutchipa kwa sheya sikutanthauza kuti mwini wake wapindula

Mu 2019 kampani ya magetsi ya Hidroeléctrica de Cahora Bassa (HCB), yomwe damu lake lili ku Songo muno m'chigawo cha Tete, idagulitsa 4 peresenti ya masheya ake kwa nzika za Mozambique pa mtengo wa 3 meticais sheya imodzi. Ndi 3,000 meticais munthu ankapeza masheya 1,000. Chiyambireni, mtengowo wakhala ukukwera ndi kutsika pa msika wa masheya wa Bolsa de Valores de Moçambique ku Maputo, ndipo nthawi zina udafika pansi pa 3 meticais.

Ena amati kutsikako ndi mwayi wogula zambiri, poti kampaniyo ndi yaikulu: imatha kupanga magetsi okwana 2,075 megawati ndipo imagulitsa ku EDM, ku Eskom ya ku South Africa komanso ku Zimbabwe. Mfundoyi ili ndi nzeru. Alimi a ku Angónia ndi Tsangano amaidziwa bwino, chifukwa vendala amagula chimanga chotchipa mu Meyi n'kudikira Januwale. Koma chimanga chili ndi nyengo yodziwika yokwerera mtengo, pomwe sheya ikhoza kukhala yotchipa zaka zisanu osasuntha.

Choncho amene ali ndi masheya akuyenera kuwerengera bwino. Pa mtengo wa lero aonjezerepo phindu lonse lomwe kampani yamugawira chigulireni, achotsepo ndalama zomwe banki imadula pogula ndi pogulitsa. Akatero afanizire ndi momwe masheya ena a pa msikawo ayendera pa nthawi yomweyo, monga a kampani ya mowa ya Cervejas de Moçambique, ya gasi ya CMH kapena ya inshuwalansi ya Emose. Ngati ake akwera pang'ono pomwe enawo akwera kwambiri, ndiye kuti kusankha kwake sikudamuthandize.

Kufanizira ndi masheya okha sikukwanira, chifukwa msika wa ku Maputo ndi waung'ono ndipo malonda ambiri kumeneko ndi a ngongole za boma. Kuyambira mu Seputembala 2022 mpaka kumayambiriro kwa 2024, chiwongoladzanja chachikulu cha Banco de Moçambique chidali pa 17.25 peresenti. Nthawi imeneyo wobwereketsa ndalama ku boma ankalandira phindu lomwe masheya osakwera mtengo sakadalipikisana nalo. Kwa mlimi palinso muyeso wina wosavuta: ndalama yomwe adaika mu 2019 inkagula matumba angati a feteleza, ndipo atagulitsa masheyawo lero angagule angati?

Amene amachita malonda tsidya la Malawi asamalenso ndi nkhani ya ndalama. Masheya ambiri a pa msika wa ku Blantyre adakwera kwambiri mu 2023, koma mu Novembala chaka chomwecho kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Phindu looneka lalikulu m'makwacha limachepa likasinthidwa kukhala meticais.

Nanga n'chifukwa chiyani sheya ya kampani yopanga phindu ingatchipe? Chimodzi n'chakuti ogula ndi ochepa. Wofuna kugulitsa amapereka pempho ku banki n'kudikira, mwina masiku angapo, ndipo akafulumira chifukwa cha fizi kapena matenda amavomera mtengo wotsika. China ndi madzi. Chilala cha El Niño cha nyengo ya 2023/2024, chomwe chidaumitsa chimanga m'minda yambiri, chidachepetsanso madzi a mu Zambezi ndi m'damu la Cahora Bassa, ndipo kampaniyo idachepetsa magetsi omwe imapanga. Kwa banja lodalira ulimi wa mvula, apa pali vuto: chaka chomwe nkhokwe ili yopanda kanthu ndi chomwecho chomwe damu likhoza kukhala ndi madzi ochepa, ndiye masheyawo sangadaliridwe kuti agula ufa nthawi ya njala.